Mbiri ya Kunyamula Katundu Padenga la Galimoto

Bokosi lotsekeka limene apaulendo amamanga padenga la galimoto popita kokagona m'matenti linayamba kufala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, koma mwambo wosanjika katundu pamwamba pa choyendera ndi wakale kuposa galimoto yeniyeniyo. Unayambira pa ngolo za akavalo, unadzera pa magalimoto oyamba, pa mabasi ndi pa ma Land Rover oyenda m'tchire, mpaka kufika pa mabokosi apulasitiki ndi aaluminiyamu a masiku ano. M'zaka zonsezi amisiri akhala akulimbana ndi vuto limodzi. Denga ndi malo otakasuka kuposa ena onse pa galimoto, koma ndi pomwenso katundu wolemera amaopsa kwambiri. Pamsewu wosalala vutoli limabisala. Msewu wokumbika ndiwo umaliulula.

Nyengo ya ngolo za akavalo

M'zaka za m'ma 1700 ngolo zonyamula anthu pakati pa mizinda ya ku England ndi France zinali zopanikiza m'kati. Anthu olipira ndalama zambiri ankakhala m'katimo, pamene katundu ndi anthu olipira zochepa ankakwera padenga. Eni ngolo anaona kuti denga likadzaza phindu limachuluka, ndipo ankalidzaza mopitirira muyezo. Ngolo yolemera kumwamba inkapendekeka pokhota kapena gudumu likalowa m'dzenje, ndipo ngozi za kugubuduzika zinali zosasowa. Mu 1788 nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo loti padenga la ngolo yahayala pasakwere anthu oposa 6. Lamuloli ndi limodzi mwa malamulo oyambirira oika malire pa zimene denga la choyendera lingasenze.

Ku America, kumene misewu inali yoipa kwambiri, amisiri a mumzinda wa Concord ku New Hampshire anayamba kupanga ngolo yamtundu wina cha mu 1827. Thupi la ngoloyi linkalendewera pa malamba ochindikala achikopa, choncho linkayendera kugwedera m'malo mogunda pansi. Denga lake linali lafulati, lotchingidwa ndi kampanda kachitsulo m'mbali monse, ndipo kumbuyo kunali malo ena a katundu ophimbidwa ndi chikopa. Kampanda kotere ndiko kholo la kaliyala wapadenga. Ngolo za Concord zinagulitsidwa kutali. Kampani ya Cobb & Co inazigwiritsa ntchito ku Australia kuyambira mu 1854 popita ku migodi ya golide, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ngolo zamtundu womwewu za kampani ya Zeederberg, zokokedwa ndi nyulu, zinkanyamula makalata ndi anthu mpaka ku Bulawayo.

Nawo mabokosi a katundu anasintha motsatira ulendo. Akale ambiri anali ndi chivundikiro chokwera pakati kuti madzi a mvula azitsetsereka, koma otere sankasanjikika. Mu 1858 Louis Vuitton wa ku Paris anatulutsa bokosi lachivundikiro chafulati lokutidwa ndi nsalu yosalowa madzi. Kuyambira pamenepo bokosi labwino laulendo linadziwika ndi zinthu zitatu: kupepuka, kusalowa madzi ndi kusanjikika.

Kumene akavalo sankafika

M'madera ambiri a pakati pa Africa ntchentche za kashembe zinkapha akavalo ndi ng'ombe, choncho katundu ankayenda pamitu ya anthu. Ku Nyasaland kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inayamba mu 1878, ndipo inkadalira amtengatenga kusenza katundu kuchokera kwa Katunga kumunsi kwa mtsinje wa Shire, kukwera mapiri kufika ku Blantyre, ndi kutsikira ku Matope polambalala mathithi. Abwanamkubwa ndi alenje achizungu akamayenda ulendo wa m'midzi, matenti awo, mabedi opinda, ziwiya ndi zakudya zinkalongedwa m'mabokosi achitsulo kapena amatabwa. Mtolo uliwonse unkayezedwa kuti ukhale wa makilogalamu 25 kapena pafupi pamenepo, chifukwa munthu ankausenza tsiku lathunthu. Inali ntchito yolemetsa, yamalipiro ochepa, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambiri anagwidwa mokakamiza kukasenza katundu wa asilikali, ambiri osabwerako.

Ena mwa magalimoto oyamba kudutsa Africa sanayerekeze kusenza katundu pamwamba. Ulendo wa kampani ya Citroën wotchedwa Croisière Noire, umene unanyamuka ku Colomb-Béchar ku Algeria mu October 1924 motsogozedwa ndi Georges-Marie Haardt ndi Louis Audouin-Dubreuil, unali ndi magalimoto 8 okhala ndi malamba amphira kumbuyo m'malo mwa magudumu. Galimoto iliyonse inkakoka kangolo ka matenti ndi zipangizo. Gululo linagawikana ku East Africa, ndipo gawo la Haardt linatsikira cha ku nyanja ya Nyasa mpaka kugombe la Mozambique lisanawolokere ku Madagascar mu 1925. Akatswiri a ulendowu anasankha kuika kulemera pansi ndi kumbuyo, kumene kunali kotetezeka.

Galimoto ipeza denga lachitsulo

Chifukwa china chinali chakuti magalimoto a nthawiyo analibe denga lolimba. Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, nthawi zambiri inali ndi denga lansalu lopinda. Komabe galimoto yotsika mtengoyi ndiyo inachulukitsa maulendo okagona m'matenti ku America. Mabanja ankamanga tenti, mapoto ndi zofunda pa matabwa opondapo a m'mbali mwa galimoto, ndipo bokosi lalikulu linkakhala pa kachitsulo kopinda kumbuyo. Mu 1919 anthu oyenda motere anapanga gulu lawo ku Tampa, m'chigawo cha Florida, lotchedwa Tin Can Tourists. Henry Ford mwini wake, pamodzi ndi Thomas Edison ndi Harvey Firestone, ankapita kokagona m'matenti m'zaka zomwezo, ndipo manyuzipepala ankafalitsa maulendo awo.

Ngakhale magalimoto otsekeka a m'ma 1920 anali ndi chigamba chansalu pakati pa denga, chifukwa makina osindikizira chitsulo sankatha kuumba denga lathunthu. Zinthu zinasintha mu 1935 pamene General Motors inayamba kugulitsa magalimoto a denga lachitsulo chimodzi chosalumikiza, lotchedwa Turret Top. Makampani ena anatsatira. M'mphepete mwa denga lotere munkakhala kangalande kotaya madzi a mvula, kopindidwa pamalo pamene denga limalumikizana ndi mbali za galimoto. Kangalande kameneka kanali kolimba, ndipo amisiri anaona kuti miyendo ya kaliyala ikhoza kuima m'menemo, yogwidwa ndi kachitsulo kokowa ndi bawuti. Kwa zaka pafupifupi 50 makaliyala ambiri padziko lonse ankamangidwa motero, ndipo kaliyala mmodzi ankakwana pa magalimoto amitundu yambiri.

Land Rover ndi maulendo ataliatali

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasiya zinthu ziwiri zimene zinaumba maulendo a m'tchire: galimoto yaing'ono yokoka ndi magudumu onse anayi, ndi chigubu chachitsulo cha malita 20 chokhala ndi zogwirira zitatu, chimene chinapangidwa ku Germany kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 April 1948. Thupi lake linali laaluminiyamu, losachita dzimbiri, koma m'kati munali mochepa kwambiri. Anthu akakwera, malo a tenti, tayala lapadera, mafuta ndi madzi ankasowa, ndipo zonsezi zinkathawira padenga.

Ulendo wotchuka wa nthawiyo ndi wa ophunzira 6 a mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, amene ananyamuka ku London pa 1 September 1955 ndi ma Land Rover awiri n'kukafika ku Singapore mu March 1956. Tim Slessor anaufotokoza m'buku lake la First Overland. Zithunzi za magalimoto awiriwo, atasenza katundu pamwamba, zinaphunzitsa anthu ambiri mmene galimoto yaulendo wautali imaonekera. M'zaka zomwezo kampani ya Westfalia ku Germany inkasandutsa ma Volkswagen Kombi kukhala nyumba zoyenda, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 amisiri a ku Italy anayamba kupanga matenti otambasukira padenga penipeni, kuti wogona atalikirane ndi chinyezi ndi nyama.

Kaliyala wa nthawi imeneyi anali wamapaipi achitsulo owotcherera, wolemera ndithu ngakhale asanasenze kanthu. Katundu ankamangidwa ndi zingwe n'kufunditsidwa ndi lona. Oyenda maulendo ataliatali anaphunzira movutikira kuti zigubu za mafuta zikachuluka padenga zimang'amba ngalande za denga, zimatopetsa masipuling'i, ndipo pamalo opendekeka zimagwetsa galimoto. Malangizo amene anabadwa apo sanasinthe: zolemera pansi, pakati pa magudumu, zopepuka koma zodya malo, pamwamba.

Kaliyala wa basi

Kwa anthu ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kaliyala wodziwika bwino sanali wa alendo oona nyama koma wa basi yakumudzi. Ku Malawi mabasi a United Transport Malawi, kampani imene Stagecoach inagula mu 1989, ankalowa m'misewu ya fumbi atasenza matumba a chimanga, njinga, mitolo ya mphasa, malata ndi madengu a nkhuku. Kumbuyo kwa basi kunali makwerero achitsulo. Basi ikaima pasiteji, mmodzi ankakwera pamwamba, wina ankakankha thumba kuchokera pansi, mwini katundu ali tcheru kuonetsetsa kuti dengu la mazira lisatsikiridwe ndi njinga. Matumba olemera ankagonekedwa pakati, njinga zinkagona chammbali pamwamba pake, kenako lona, kenako chingwe chodutsa uku ndi uku, chomangidwa mfundo yosavuta kumasula pasiteji yotsatira. Amene ankadziwa ntchitoyi ankasanja katundu motsatira kumene aliyense akatsikire, kuti wotsika msanga asachititse kuti denga lonse liphwasulidwe.

Luso limeneli linali lofanana ndi la oyenda m'zipululu, ndipo ngozi zake zinalinso zomwezo. Mabasi amakono oyenda mitunda italiitali anasamutsira katundu m'zipinda za pansi pa mipando, ndipo ambiri a pamsewu wa Johannesburg amakoka ngolo kumbuyo. Kulemera kunabwerera pansi.

Kubadwa kwa bokosi lotsekeka

Bokosi lapadenga linachokera kumaiko ozizira, ndipo poyamba silinapangidwire matenti. Mu 1942 Erik Thulin anayambitsa kampani ya Thule m'mudzi wa Hillerstorp kum'mwera kwa Sweden, akupanga misampha yogwirira nsomba. Mu 1962 kampaniyi inatulutsa chomangira cha matabwa otsetserekera pa chipale chofewa, ndipo mu 1977 inatulutsa bokosi lake loyamba lapadenga. Matabwawo ndi aatali moti salowa m'buti, ndipo akakhala poyera amaipitsidwa ndi matope ndi mchere umene amathira m'misewu m'nyengo yozizira. N'chifukwa chake mabokosi oyamba anali aatali ndi opyapyala. Mabanja sanachedwe kuona kuti bokosi lomwelo likhoza kunyamula zikwama ndi zogonera m'nyengo yotentha, ndipo opanga anayamba kutulutsa aafupi ndi otambalala.

Zinthu ziwiri zinathandiza kuti bokosili lifale. Choyamba ndi kukwera mtengo kwa mafuta kuyambira mu 1973, kumene kunachititsa anthu kugula magalimoto ang'onoang'ono a buti yochepa. Chachiwiri ndi nkhani ya mphepo. Galimoto ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu ya mphepo yoikankha imawirikiza kanayi, choncho mtolo wa lona wokupiza padenga umamwetsa mafuta ambiri pamsewu waukulu. Bokosi losongoka kutsogolo limachepetsa vutoli, ngakhale silithetsa. Pofuna kupulumutsa mafuta, opanga magalimoto anasalaza matupi a magalimoto awo. Audi 100 ya 1982 ndi chitsanzo chotchuka. M'zaka za m'ma 1980 ngalande za m'mphepete mwa denga zinayamba kuzimiririka. M'malo mwake munabwera njanji zapadenga, timabowo tobisika ta mabawuti, ndi zokowa zogwira pamwamba pa chitseko. Kuyambira pamenepo wogula amayenera kufunafuna miyendo yogwirizana ndi mtundu wa galimoto yake.

Mabokosi ena oyamba anali a ulusi wagalasi wothiridwa utomoni. Ambiri a masiku ano ndi a pulasitiki ya ABS, imene amaitenthetsa n'kuiumba pa chikombole. Bokosi wamba limalowa malita 300 mpaka 600, limalemera makilogalamu 15 mpaka 25, ndipo limaloledwa kusenza makilogalamu 50 mpaka 75. Limakhala pa mipiringidzo iwiri yopingasa, logwidwa ndi zomangira zinayi. Muyezo wa ISO 11154 umafotokoza mmene zonyamulira zapadenga ziyenera kuyesedwera kuti zisathothoke galimoto ikaima mwadzidzidzi.

Zimene msewu wa fumbi unaphunzitsa

Bokosi lapulasitiki linapangidwira msewu wa phula. Msewu wa dothi kapena wa miyala umakhala ndi mdani wina: timizere topingasa, tokwera ndi kutsika ngati malata, timene magudumu amapanga okha pa dothi louma. Galimoto ikamadutsa pa timizereti imanjenjemera kosalekeza kwa maola ambiri. Kunjenjemerako kumamasula mabawuti, kumang'amba zowotcherera, ndipo pa bokosi lapulasitiki kumabala ming'alu pamalo anayi aja pamene zomangira zimagwira. Mahinji ndi maloko amakhwefuka, fumbi losalala limalowa pansi pa chivundikiro, ndipo dzuwa la zaka zingapo limaumitsa pulasitiki mpaka kuyamba kuthetheka.

Maiko a misewu yotere anapanga zonyamulira zawozawo. Ku Australia, Anthony Ronald Brown anabwera kuchokera ku ulendo wa ku Cape York ataona makaliyala othyoka ndi zitsulo zakutsogolo zopindika, ndipo mu 1975 anayamba kuwotcherera zolimba ku Melbourne. Kampani ya ARB inatenga dzina pa zilembo zoyamba za maina ake. Mpikisano wa Camel Trophy, umene unachitika kuyambira 1980 mpaka 2000 ndipo unafika ku Zaire mu 1983, ku Madagascar mu 1987 ndi ku Tanzania ndi Burundi mu 1991, unasonyeza njira ina. Pa ma Land Rover ake kaliyala ankalumikizidwa ku mipiringidzo yoteteza anthu galimoto ikagubuduzika, kuti kulemera kusatsamire pa denga lopyapyala. Ku South Africa, kumene maulendo opita ku Kalahari, Namibia ndi Botswana ndi ofala, makampani monga Front Runner anafalitsa kaliyala wafulati waaluminiyamu wokhala ndi mipata ya mabawuti, pamodzi ndi timabokosi tamakona anayi tosanjikika, totengera mabokosi a zipolopolo a asilikali. Ena amakonda mabokosi aaluminiyamu monga a Zarges a ku Germany, amene ali ndi mphira m'mphepete mwa chivundikiro yotchinga fumbi ndi madzi.

Motero panakhala mizu iwiri ya bokosi lapadenga. Wina ndi wa ku Ulaya: bokosi limodzi lalitali, losalala, lopepuka, losunga mafuta pamsewu wa phula. Wina ndi wa m'tchire: kaliyala wolimba wa miyendo yambiri, wosenza mabokosi ang'onoang'ono amene munthu mmodzi angatsitse n'kupita nawo patenti. Galimoto zokwera ku Nyika kuchokera ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima, kapena zolowa m'chigwa cha Luangwa, nthawi zambiri zimakhala ndi zamtundu wachiwiriwu.

Miyezo imene mbiriyi inasiya

Malire amene opanga malamulo a mu 1788 ankawerengera anthu, lero amalembedwa m'makilogalamu m'buku la galimoto iliyonse. Magalimoto ambiri amaloledwa kusenza makilogalamu 50 mpaka 100 padenga akamayenda, ndipo 75 ndi chiwerengero chofala. Chiwerengerochi chimaphatikiza zonse. Ngati mipiringidzo ikulemera makilogalamu 5 ndipo bokosi 20, katundu weniweni amatsala ndi makilogalamu 50. Pamsewu woipa malirewo amatsika, chifukwa gudumu likagunda dzenje katundu amatsikira denga ndi mphamvu yoposa kulemera kwake. Opanga makaliyala ena amalangiza kugawa malirewo ndi 1.5. Powerengera motero, 75 amasanduka 50, ndipo pochotsa mipiringidzo ndi bokosi pamatsala makilogalamu 25 okha. Chigubu chimodzi cha malita 20 a madzi chimamaliza pafupifupi gawo lonselo. Galimoto itaima denga limapirira zambiri, n'chifukwa chake anthu awiri amatha kugona m'tenti yapadenga popanda vuto.

Posankha bokosi la msewu woipa, zimene zimayang'anidwa ndi zomwe zinathyoka m'mbuyomu. Pansi pa bokosi pamayenera kukhala pochindikala kapena polimbitsidwa ndi zitsulo. Zomangira zamabawuti zimapirira kunjenjemera kuposa zongokanikiza ndi dzanja, ndipo zimafunika kuziyang'ana ndi kuzimangitsa ulendo uli m'kati, makamaka pambuyo pa makilomita oyambirira a msewu wa fumbi. Bokosi lalifupi msinkhu limapendeketsa galimoto pang'ono ndipo silikodwa m'nthambi. Mipiringidzo ikatalikirana, mphuno ya bokosi sigwedera kwambiri. M'kati mumalowa zogonera, zofunda, zovala, matiresi opinda ndi tenti yansalu, zolemererapo zikhale pakati pa mipiringidzo iwiri, zonse zomangidwa ndi malamba kuti zisamagundegunde. Madzi, mafuta, zida zokonzera galimoto, mabotolo a gasi ndi zakudya za m'zitini zimakhala m'kati mwa galimoto, pansi penipeni. Dalaivala nayenso amasintha kayendetsedwe: amachepetsa liwiro pokhota, amayamba kuponda mabuleki patali, ndipo amapewa kudutsa malo otsetsereka chopingasa, chifukwa galimoto yolemera kumwamba imagwa msanga ikapendekera mbali imodzi.